Kuchokera ku Mankhamba mpaka ku Mkaika: mbiri ya mpando wa Gawa Undi

Tauni ya Kafue si dziko la Achewa. Nthaka yake ndi ya Asoli, anthu a Mfumu Nkomeshya Mukamambo II, ndipo kumunsi kwa mtsinje, chakumene Kafue akathira mu Zambezi, kuli Agoba a Mfumu Chiawa. Komabe pamsika ndi pokwerera minibasi pamamveka Chinyanja. China chinabwera ndi njanji, imene mlatho wake unaoloka mtsinjewu mu 1906, koma chambiri chinadza ndi mafakitale. Nitrogen Chemicals of Zambia itayamba kupanga feteleza mu 1970, ndiponso Kafue Textiles ikuomba nsalu, anthu a ku Katete, Chadiza, Chipata ndi Petauke anadzafuna ntchito, nakhazikika. Adzukulu awo abadwira mommuno. Ngakhale zili choncho, mwezi wa Ogasiti ukamapita kumapeto ena mwa iwo amayenda mtunda wopitirira makilomita 500 kukafika ku Mkaika, m'boma la Katete, kukalamba kwa mfumu imene siinawagawire munda, siiweruza milandu yawo, ndipo ilibe msilikali ndi mmodzi yemwe. Kuti timvetse chimene mpando umenewu uli nacho, tiyenera kubwerera kumene unachokera.

Mbiri ya makolo imati a Phiri anachokera ku Uluwa, dziko la Aluba kummwera kwa Congo, motsogozedwa ndi mfumu ya dzina laudindo lakuti Kalonga. Kumene anafika, kumadzulo ndi kummwera kwa nyanja ya Malawi, sanapeze chipululu. Kunali kale a Banda, eni nthaka ndi eni mvula, amene anali ndi kachisi wawo pa Kaphirintiwa, pambuyo pake pa Msinja, pansi pa mayi wotchedwa Makewana. A Phiri sanawathamangitse. Anagwirizana nawo mwanjira imene inadzakhala msana wa ufumu wonse: mpando ukhale wa a Phiri, mvula ikhale ya a Banda. Mkazi wamkulu wa Kalonga, Mwali, ankachokera kwa a Banda, pamene mayi wa ufumu, Nyangu, anali wa a Phiri, ndipo Kalonga aliyense ankayenera kubadwa m'mbumba yake. Likulu linali pa Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza. Pamalo amenewa Yusuf Juwayeyi anakumba pansi napeza mikanda yagalasi, zidutswa za mbale za ku China, mkuwa ndi zotsalira za minyanga, umboni wakuti Mankhamba unali mudzi waukulu wamalonda ofika kutali. Buku lake lofotokoza zimenezi linatuluka mu 2020.

Apwitikizi a ku Tete ndi ku Sena ndiwo anayamba kulemba za anthu amenewa, nawatcha Maravi. Analemba za nkhondo ya Azimba, amene anagonjetsa asilikali awo mu 1592. Analembanso za mfumu yamphamvu yotchedwa Muzura, imene Gaspar Bocarro anaichezera mu 1616 paulendo wake wochokera ku Tete kupita ku Kilwa, ndipo mu 1622 inagonjetsa Lundu wa kuchigwa cha Shire mothandizidwa ndi Apwitikiziwo. Odziwa mbiri amatsutsanabe ngati Muzura anali Kalonga weniweni kapena munthu wodzipezera ufumu wakewake. Chimene onse amavomereza n'chakuti m'zaka za m'ma 1600 dzina la Maravi linkamveka kuchokera ku Zambezi mpaka kugombe la nyanja yamchere pafupi ndi chilumba cha Mozambique.

Nkhani ya Undi imayamba ndi kukhumudwa. Kalonga wina atamwalira pa Mankhamba, mbale wake Undi ankayembekezera kulowa ufumu, koma akuluakulu osankha anamudumpha nalonga mphwake. Undi sanamenye nkhondo. Ananyamuka kulowera kumadzulo, nakamanga pa Mano, m'dera limene lero lili m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kufupi ndi mtsinje wa Kapoche. Sanatenge ng'oma yaufumu yokha kapena nkhokwe ya minyanga. Anatenga Nyangu ndi mbumba yambiri ya banja lachifumu. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi, ndipo wolowa dzina ndi mwana wa mlongo wake wa mfumu. Amene ali ndi Nyangu ndiye ali ndi mafumu a mawa. Kuyambira pamenepo Mankhamba unatsala ndi mpando, koma mimba yobala eni mpandowo inali ku Mano, kotero kuti Kalonga akamwalira osankha ankayenera kuyang'ana kwa Undi kuti apeze wolowa m'malo. Ndikamaganiza za ulendo umenewu ndimaona kuti ndi umodzi mwa nzeru zazikulu zandale m'mbiri ya dera lathu, ngakhale kuti sukumbukiridwa ngati nkhondo za Angoni a Zwangendaba.

Ufumu umene Undi anamanga sunali wa malinga kapena magulu a asilikali okhazikika. Ankatuma abale ake ndi anthu okhulupirika kukakhala m'madera atsopano, kuwapatsa dziko ndi dzina. Mafumu amene anawapeza ankawasiya pamipando yawo bola avomereze ukulu wake, ndipo ambiri ankawamanga ndi ukwati kapena ubale wamuyaya, uja woti dzina lakuti ndi mphwake wa dzina lakuti mpaka kalekale, kaya alowapo ndani. Momwemo mphamvu yake inafika kwa Chimwala, kwa Mkanda, ndiponso kwa Ansenga a kufupi ndi Luangwa, kumene Kalindawalo anakhala woyang'anira. Mfumu yaing'ono ikafuna mzinda, ndiye kuti ufulu wovinira anamwali ndi kukhala ndi dambwe la Nyau, inkaupeza kuchokera kumwamba. Milandu yaikulu, ija yofika pomwetsa mwavi, inkathera kwa Undi. Iye ankasamaliranso kachisi wa Makewana pa Msinja, kutumizako nsalu zakuda ndi zina zansembe, chifukwa mfumu imene mvula yaikana ilibe anthu.

Mtulo unkapita ku Mano. Mlenje akapha njovu, mnyanga wogona pansi unali wa mwini dziko. Zikopa za mkango ndi kambuku, nthenga zofiira za mbalame zina, makasu osulidwa ndi amisiri, zonsezi zinkakwera kuchoka kwa nyakwawa kupita kwa mfumu ya dera mpaka kwa Undi. Koma katundu ameneyu sankaunjikidwa kuti aziwonerera. Minyanga inkasinthidwa ndi nsalu ndi mikanda, ndipo nsaluzo zinkatsikanso kwa mafumu omwe aja. Chaka cha njala nkhokwe za mfumu zinkatsegulidwa. Dzina lakuti Gawa silinabwere mwangozi: munthu ankapereka mtulo podziwa kuti adzalandirako gawo lake.

Ana athu akamva mawu akuti ufumu wakale, ambiri amaganiza za ku England, choncho ndi bwino kuikako ufumu umodzi wa kumeneko pambali pa wathu. Mercia unali umodzi mwa maufumu a Angelezi akale, pakati pa chilumba chawo. Mfumu yake yotchuka, Offa, inalamulira kuyambira 757 mpaka 796. Nayonso inali ndi mafumu ang'onoang'ono pansi pake, koma njira yake inali yowachepetsa: mafumu a Hwicce anasanduka nduna wamba, banja lachifumu la ku Kent linakankhidwira pambali, ndipo Æthelberht wa ku East Anglia anadulidwa mutu mu 794. Offa ankafunitsitsa kuti mpando upite kwa mwana wake wom'bereka, Ecgfrith, mpaka anamudzozetsa mu 787 iye akali moyo. Mwanayo analamulira masiku 141 okha n'kumwalira. Pasanathe zaka 30 mphamvu inali itasamukira ku Wessex, ndipo Æthelflæd, mayi amene ankalamulira Mercia, atamwalira mu 918 ufumuwo unamezedwa. Unali ndi ndalama zosulidwa, makalata a malo, amonke olemba mabuku ndi khwawa lalitali lokumbidwa m'malire ake ndi Wales, koma lero palibe amene amakhala pampando wa Mercia. Undi analibe mlembi, koma mpando wake ulipo. Sindikunena kuti wathu unali ufumu wa angelo. Ndikunena kuti mpando womangidwa pa munthu mmodzi ndi mwana wake umagwa msanga kuposa womangidwa pa mbumba ndi pa mafumu ambiri amene aliyense ali ndi chifukwa chofunira kuti ukhalepo.

Pali chinthu china chimene maufumu awiriwa amafanana. Mndandanda wa mafumu a Mercia umabwerera mpaka kwa mulungu wawo Woden, kusonyeza kuti unkalembedwa pofuna kulemekeza mpando. Nafenso timati Gawa Undi wa lero ndi wa nambala 11, pamene mpandowo wakhalapo zaka zopitirira 400. Maina 11 sangadzaze zaka zonsezo. Wolowa dzina amasanduka mwini dzinalo, ndipo pakamwa pa okamba mbiri anthu angapo amaphatikizana kukhala mmodzi. Zimenezi sizichotsa ulemu wa mpando. Zimangotikumbutsa kuti ntchito ya Samuel Josia Ntara, amene analemba Mbiri ya Achewa, ndi ya Harry Langworthy, amene anafufuza za ufumu wa Undi m'zaka za m'ma 1960, ikufunabe oipitiriza.

Chimene chinalimbitsa ufumuwu ndicho chinaufooketsanso. Cha m'ma 1750 Apwitikizi anapeza golide kumpoto kwa Zambezi, ndipo Undi anawalola kukumba m'dziko lake, ngakhale pa Mano pomwe, polandira malipiro. Eni migodiyo anabwera ndi akapolo awo onyamula mfuti, amene pambuyo pake anadziwika kuti Achikunda. Alenje amenewa ankapha njovu osapereka mnyanga wogona pansi. Amalonda Achiyao ndi Abisa nawonso anayamba kugula minyanga mwachindunji kwa mafumu ang'onoang'ono. Mfumu ya dera itaona kuti nsalu ikhoza kuipeza pakhomo pake, inasiya kutumiza mtulo ku Mano, ndipo Undi analibe asilikali oikakamiza. Pamene António Gamitto ankadutsa m'dziko la Amaravi mu 1831, paulendo wopita kwa Mwata Kazembe, anapeza anthu akhama pa ulimi, kusula zitsulo ndi kuomba nsalu za thonje, koma mafumu ambiri akudzilamulira okha.

Pano pali mbali imene sitiikamba pa zikondwerero. Malonda a minyanga atasanduka malonda a anthu, si alendo okha amene ankagwira akapolo. Mafumu athu ena ankagulitsa anthu ogwidwa pankhondo, opezeka ndi milandu, ngakhale amasiye opanda owateteza. Mwavi ndi bwalo la milandu, zimene zinali zosungira mtendere, zinasanduka njira yopezera anthu ogulitsa. Amene amakonda mpando wa Undi ayenera kuinena nkhaniyi poyera, chifukwa ndi imene inadula chingwe cha kukhulupirirana pakati pa mfumu ndi anthu ake nkhondo zisanafike n'komwe.

Kenaka nkhondozo zinafika. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi kufupi ndi Zumbo mu Novembala 1835. Patapita zaka, a Mpezeni anabwerera nakhazikika m'dziko la Ansenga, kenaka m'dera la Chipata, ndipo Mkanda anaphedwa. Kachisi wa pa Msinja anapasulidwa. Ku Mankhamba, Kalonga womaliza, Sosola, anaphedwa pa nkhondo ndi Ayao m'zaka za m'ma 1860, ndipo mpando wa kumeneko unathera pomwepo. Kumadzulo, akuluakulu a Achikunda a ku Zumbo, Kanyemba ndi Matakenya, ankasakaza midzi ya m'chigwa cha Luangwa ndi cha Zambezi mpaka kuyandikira Kafue, kotero kuti Asoli ndi Agoba analawa chikho chimodzi ndi Achewa. Undi anatsala ndi midzi yochepa m'mapiri. Koma mbumba ya Nyangu siinathe, ndipo n'chifukwa chake dzina la Kalonga, litasowa mwini ku Mankhamba, linadzaphatikizidwa ndi la Undi.

Malire a atsamunda, kuyambira ndi pangano la Angelezi ndi Apwitikizi la mu 1891, anadula dziko la Achewa patatu. Mano anagwera kwa Apwitikizi, Mankhamba ku Nyasaland, Katete ndi Chadiza ku dziko limene linadzatchedwa Northern Rhodesia. Kwa Apwitikizi mfumu inali kapitawo wotolera msonkho ndi kugwira anthu a chibalo. Kwa Angelezi, atagonjetsa Mpezeni mu 1898, nthaka yabwino ya kufupi ndi Fort Jameson (lero Chipata) inapita kwa kampani ya North Charterland ndi alimi a fodya achizungu, eni dziko n'kupanikizidwa m'malo ochepa osungirako anthu akuda. Lamulo la mu 1929 litakhazikitsa ulamuliro wodzera mwa mafumu, boma linaona kuti Angoni ali ndi mutu umodzi pamene Achewa ali ndi mafumu ambiri opanda wowasonkhanitsa. Mu 1935 Undi anaoloka malire kuchoka ku dziko la Apwitikizi, ndipo mu 1937 boma linamuvomereza kukhala mfumu yaikulu ya Achewa a ku Northern Rhodesia. Ena amati mpando wa lero unapangidwa ndi atsamunda. Ine ndimaona mosiyana. Atsamunda anali ndi zolinga zawo, zoona, koma sakanatha kuika mlendo pamwamba pa Kawaza, Mbang'ombe ndi mafumu ena okhazikika ngati mafumuwo sakanadziwa kale kuti maina awo anachokera kwa Undi.

Amene anaupatsa mpandowu maonekedwe ake a lero ndi Gawa Undi X, Chivunga, amene analowa ufumu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 nalamulira mpaka imfa yake mu 2004. Anaona chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chikubwera ndi kutha, anaona ufulu wa 1964, anaonanso boma latsopano likulanda mafumu ntchito zotolera msonkho ndi kuyendetsa madera, kuzipereka kwa makhonsolo. Mfumu inatsala ndi ulemu, malipiro a boma ndi udindo pa malo a makolo. Ku Mozambique zinali zoipirapo: Frelimo itatenga boma mu 1975 inathetsa udindo wa mafumu, ndipo sanavomerezedwenso mpaka 2000. M'nyengo yoteroyo, mu 1984, Chivunga anadzutsa mwambo wa Kulamba, umene unali utaletsedwa kuyambira 1934. Nkhondo inali ikuyaka ku Tete, ndipo posakhalitsa othawa anadzadza ku Ukwimi m'boma la Petauke. Kuitana mafumu a maiko atatu pabwalo limodzi panthawi imeneyo kunali kulimba mtima.

Kulamba kumachitika Loweruka lomaliza la Ogasiti. Mafumu, amene onse pamodzi amapitirira 200, amabwera kudzapereka mtulo ndi kufotokoza za madera awo, monga ankachitira ku Mano, ndipo dera lililonse limabwera ndi magule ake: Gule Wamkulu, chinamwali, chimtali. UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005 ngati chuma cha maiko atatu onsewa. Mu 2007 atsogoleri atatu, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza, anakhala pamodzi ku Mkaika pamaso pa Gawa Undi XI, Mkhomo V, amene analongedwa mu 2004. Mfumu ya lero yakhala ikulankhula molimba motsutsa kukwatitsa ana aang'ono ndi miyambo monga fisi ndi kulowa kufa, ndipo yalamula kuti chinamwali ndi gule zisamasokoneze sukulu. Mawu amenewa amamveka kumidzi kumene lamulo la boma limafika mochedwa, chifukwa akuchokera kwa amene amalonga mafumu a midziyo.

Pali zinthu ziwiri zimene zikuyesa mpandowu tsopano, ndipo zonse zikukhudza maziko ake enieni. Choyamba ndi malo. Lamulo la malo la Zambia la mu 1995 limalola kuti nthaka ya makolo isandutsidwe ya chikalata cha boma ngati mfumu ya deralo yavomereza. Ikatero imachoka m'manja mwa mudzi. Kale mfumu inkagawa malo kwa munthu woti adzalima, adzabereka ana ndi kukhala mmodzi wa anthu ake; lero siginecha imodzi ingapereke dambo lonse kwa munthu amene sadzagonako ndi tsiku limodzi. Anthu a ku Kafue akuziona ndi maso m'mbali mwa msewu wopita ku Lusaka, kumene tchire la dzana lasanduka mapuloti a mipanda. Ku Katete ndi ku Chadiza anthu akuchuluka pamene nthaka ili yomweyo, ndipo mfumu iliyonse imene yagulitsa malo mobisa imadya ulemu wa amene anailonga.

Chachiwiri ndi mbumba. Lamulo la mu 1989 lokhudza chuma cha munthu womwalira wosasiya wilu limapereka magawo 50 pa 100 kwa ana ake, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wake, 20 kwa makolo ndi 10 kwa ena amene ankawasunga. Ndi lamulo labwino, ndipo lapulumutsa amayi amasiye ambiri kwa achibale olanda katundu. Koma mphwake wa munthu mulibemo, pokhapokha ngati ankasungidwa pakhomopo. M'nyumba za ku Kafue Estates ndi m'makomboni a Lusaka mwana amalembetsa kusukulu ndi dzina la bambo, amalandira nyumba ya bambo, ndipo atsibweni ndi mlendo wobwera pa maliro. Mwana woteroyo akamva kuti ufumu umadutsira kwa mlongo wake wa mfumu, amadabwa ngati akumva za mtundu wina. Pamene Mkhomo V adzapume, osankha adzayang'ananso m'mbumba ya Nyangu, monga anachitira mu 2004, ndipo ambiri mwa amene adzafunike kuvomereza kusankhako adzakhala anthu oleredwa ndi lamulo la 1989.